Pepani wa pa WhatsApp sakwanira

Abale anga ndilankhuleko za ana athu a sekondale awa, chifukwa zomwe ndaona kwathu kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, zandikhudza kwambiri. Mng'ono wanga wa zaka 16 anayambana ndi mnzake amene akhala limodzi kuyambira kalasi 1, nyumba zoyandikana, mbale imodzi, ngakhale kapulana (chitenje) ya pa 7 de Abril, tsiku la amayi kuno ku Mozambique, ankasankha yofanana. Mnzakeyo anamutumizira voice yonena za mnyamata amene amamufuna, ndiye wathuyu mwachibwana anaiponya pa gulu la pa WhatsApp la turma (kalasi) yawo kuti anthu aseke. Anasekadi, sukulu yonse inamva. Tsiku lomwelo anabulokedwa.

Mwezi wathunthu kunali kuponyerana mawu pa status basi, ndipo chomwe chinandipweteka ine ndi choti amayi athu ndi amayi ake a mwana uja anasiya kupatsana moni ku chigayo, anthu akuluakulu kulowerera nkhani ya ana eti. Wina amati asiyeni ndi za ana izi zitha zokha. Sizitha zokha ayi, wathuyu ankabwera kuchokera kusukulu osadya nsima, kungolowa kuchipinda nkumalira.

Maganizo anga ndi awa, ukamulakwira mnzako pagulu usamupepese mobisala pa foni. Wathuyu anayesa, anabwereka foni ya mnzake wina nkulemba desculpa amiga (pepa mnzanga) ndi timitima tofiira, ma mega kuthera pomwepo, yankho osabwera. Ndinamuuza kuti iwe unamuchititsa manyazi anthu akuona ndiye ukufuna akukhululukire ndi mawu awiri olemba uli chigonere pa bedi? Nyamuka upite kwawo, akuone nkhope, ndipo ukatchule chimene unalakwacho, osati zija zoti ngati ndinakulakwira pepa. Ngati wa chiyani pomwe ukudziwa bwinobwino zomwe unachita.

Anakana masiku atatu, akuti mana (achemwali) ndikuopa akandithamangitsa. Loweruka madzulo ndinamuperekeza mpaka pa mpanda, ine nkuima kumsewu pafupi ndi amayi ogulitsa mbatata ya kachewere, sindinalowe dala chifukwa nkhaniyo siyanga. Ndinkamuona manja akunjenjemera, akupotokola nsonga ya juzi, mawu akutuluka movutikira, ndine ndinatumiza voice ija, palibe anandituma, ndinalakwa. Mnzakeyo anangomuyang'ana nthawi yaitali nkunena kuti ndamva, kenako kulowa m'nyumba.

Pobwerera analira njira yonse akuti mwaona mana sizinathandize. Koma apa ndi pomwe ana ambiri amalakwitsa, amaganiza kuti ukapepesa lero ndiye lero lomwe museke limodzi. Wopwetekedwayo ali ndi ufulu wokwiyabe, umupatse mpata, osamutumizira anthu kuti akamunyengerere komanso osayamba kudandaula kuti ndinapepesa koma ndi wouma mtima.

Patadutsa sabata ndi theka, mmawa wa June kukuzizira kwa ku Angónia kuno nkhungu ili tolo, tinamva odi pakhomo. Anali mwana uja atavala yunifolomu, akuti fulumira tichedwa. Panopa amapita limodzi kusukulu ndipo amayi aja ayambanso kulonjerana, koma zinsinsi sanayambe kumuuza ndipo ma voice satumizanso, wathuyu akadandaula ndimamuuza kuti adikire asamukakamize.