Scotland ikulipira malonjezo a chaka ndi chaka ndi ndalama zobwera kamodzi

Anzanga, vuto la bajeti ya boma la Scotland si la chaka chino chokha ayi. Malonjezo ake amafuna ndalama chaka chilichonse, koma zina mwa ndalama zimene akutsekera mipata zimabwera kamodzi basi.

Gawo lalikulu la ndalama zawo limachokera ku Westminster, kutanthauza boma la UK ku London. Kukwera kwake kumatsata njira ya Barnett, yomwe inayamba mu 1978: boma la UK likawonjezera ndalama za zipatala kapena masukulu ku England, Scotland imalandira gawo lolingana ndi chiwerengero cha anthu ake. Kuyambira 2017, nyumba ya malamulo ya Scotland, yotchedwa Holyrood, imadziikira yokha mlingo wa msonkho wa pa malipiro. Ambiri amaganiza kuti msonkho wonsewo ndi phindu. Sichoncho. London imayamba yachotsa pa thumba lija ndalama zomwe ikanatolera ku Scotland, ndipo zochotsedwazo zimakula motsatira msonkho wa madera ena a UK. Ndiye ngakhale mukweze msonkho wa olemera kwambiri kufika 48 peresenti, monga anachitira mu 2024, malipiro a ku London akakwera msanga kuposa a ku Glasgow, gawo lina la phindulo limangosungunuka.

Palinso nkhani ya kuchedwa. Bajeti imamangidwa pa zoyerekeza za Scottish Fiscal Commission, bungwe loyima palokha lomwe limayerekeza ndalama za msonkho zomwe zidzatoleredwe. Ziwerengero zenizeni za msonkho zimatuluka mochedwa, ndipo kusiyana kwake kumagwera bajeti ya zaka zitatu kutsogolo. Pothawira mpochepa. Mgwirizano wa zachuma pakati pa boma la UK ndi la Scotland, womwe anaukonzanso mu 2023, unaika malire a ngongole pa £600 miliyoni pachaka zokonzera zoyerekeza zikalakwika, £450 miliyoni za zomangamanga, ndipo nkhokwe yosungira zotsala inali ndi malire a £700 miliyoni. Kubwereka kuti alipire anamwino mwezi ndi mwezi lamulo silikuwalola.

Tsono taonani kotulukira ndalama. Scottish Child Payment, ndalama yothandizira ana a m'mabanja opeza zochepa, inayamba mu 2021 pa £10 pa sabata kwa mwana aliyense woyenerera, pofika Novembala 2022 inali £25. Ine ndondomekoyi ndimaigwirizana nayo ndi mtima wonse, chifukwa imafika m'manja mwa mabanja ovutikadi. Koma ku England kulibe yofanana nayo, choncho London sipereka kanthu pa iyo. Paundi iliyonse iyenera kuchokera ku msonkho kapena kuchotsedwa kwina. Malipiro a ogwira ntchito m'boma nawonso amadya kuposa theka la ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo mukawakweza lero, chaka chamawa mumayambira pa mlingo wokwerawo. Anthu akukalamba. Lipoti la Commission ija la mu 2023 linasonyeza kuti zaumoyo zingakwere kuchoka pa 35 peresenti ya ndalama zomwe bomali limagwiritsa ntchito kufika theka m'zaka 50.

Chomwe chimandipweteka ndi cha Seputembala 2024. Nduna ya zachuma ya Scotland ya nthawi imeneyo, Shona Robison, inalengeza zodula ndalama pakati pa chaka, nkunenanso kuti itapa ku ndalama za ScotWind, zomwe zinabwera pobwereketsa malo a m'nyanja kwa makampani opanga magetsi a mphepo. Malo omwewo simungawabwereketse kawiri. Kutsekera nazo mpata wa malipiro ndi kudya mbewu.

Ndikanakonda ndondomeko yatsopano iliyonse ikamafika ku Holyrood izibwera ndi mtengo wake wa zaka khumi, komanso dzina la msonkho kapena ntchito yomwe idzailipire. Ndalama zobwera kamodzi zipite ku zomangidwa kamodzi, monga madoko ndi nyumba. Mapangano a malipiro akhale a zaka zingapo, ndipo alowe mu bajeti asanasainidwe, kuti zipatala ndi makhonsolo asamauzidwe mu Seputembala kuti ndalama zomwe anapatsidwa mu Epulo zachepa.