Azakhali anga sakanaitanidwa n'komwe ku intavyu

Sabata yatha mnzanga ananditumizira pa WhatsApp chilengezo cha ntchito cha bungwe lina la amayi lolimbikitsa mtendere. Dzina sinditchula, chifukwa matendawa si a bungwe limodzi. Akufuna munthu woti azikagwira ntchito m'midzi ya kuno kum'mawa kwa Zambia. Akhale ndi digiri, akhale kuti wagwirapo ntchito yotere zaka zisanu, azidziwa kompyuta, azitha kulemba malipoti m'Chingerezi. Ndinawerenga kawiri, kufunafuna mzere wonena kuti munthuyo azilankhula Chichewa, Chinsenga kapena Chitumbuka. Mzere umenewo munalibe.

Nditafunsa amene amawadziwa kuti mu ofesi yawo muli ndani, anandiwerengera loya, wowerengera ndalama, awiri amene anaphunzira zachitukuko ku yunivesite, ndi wina amene kale anali mtolankhani. Onse ndi anthu abwino, ophunzira, ndipo sindikuwanyoza. Koma wobadwira kuno ndi dalaivala yekha ndi mayi wosesa.

Apa m'pamene ndinakumbukira azakhali anga a ku Chadiza. Sukulu analekeza Giredi 4. Ndi namkungwi, ndiponso ndi mayi wa Chigwirizano kutchalitchi kwawo. Chaka china m'mudzimo munagwa maliro a bambo wina amene anasiya mkazi ndi ana anayi. Titangobwera kumanda, anthu asanasambe n'komwe m'manja, akuchimuna anafika ndi ngolo. Ankafuna mashini osokera, njinga, ndi malata a padenga. Mnyamata wina anali atanyamula kale hamala. Namfedwa anali m'nyumba, mawu atamuthera ndi kulira.

Azakhali sanakalipe. Anamanga chitenje m'chiuno, n'kukakhala pakhomo penipeni, miyendo atatambasula. Amayi ena ataona, anabwera mmodzimmodzi n'kukhala pomwepo, mpaka khonde lonse linadzaza miyendo. Kenako azakhali anayang'ana mtsibweni wa malemu uja n'kunena motsitsa mawu kuti, "A Phiri, malatawo zulani, ndi a mphwanu. Koma muyambe mwatidumpha ife amayi anu." Inu mukudziwa kuti kwathu mwamuna sadumpha miyendo ya mayi wamkulu. Bambo uja anangoti kakasi. Azakhali anawonjeza funso limodzi lokha: "Mchemwali wanu uja atadwala chaka chonse, ankamusambitsa ndani?" Aliyense pabwalopo ankadziwa kuti anali namfedwa yemweyo. Ngolo inabwerera yopanda kanthu.

Tsopano ndiuzeni, ntchito imene azakhali anagwira tsiku lija imatchedwa chiyani pa CV? Ndipo ikanatheka ndi munthu amene sadziwa kuti ndani anasambitsa ndani m'mudzimo?

Ndisakunamizeni, nkhaniyi sinathere pakhonde paja. Patatha masabata awiri ng'ombe ziwiri zinasowa m'khola usiku, ndipo miyendo ya azakhali sinathandize kanthu. Amene anazibweza ndi mtsikana wina wophunzira zamalamulo, amene anakhala pansi ndi namfedwa n'kumufotokozera lamulo la 1989 la kagawidwe ka chuma cha munthu womwalira osasiya wilo: theka ndi la ana, magawo 20 pa 100 ndi a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 ena a makolo, 10 a ena amene ankadalira malemuyo. Anamuperekeza ku khoti la kuderako, ndipo ng'ombe zinabwerera. Ndiye sindikunena kuti sukulu ndi yachabe ayi. Ndikunena kuti namfedwa uja anapulumuka chifukwa cha anthu awiri, koma m'mabungwe athu mmodzi amakhala pa malipiro a mwezi ndi mwezi, winayo amatchedwa wodzipereka, n'kupatsidwa sikipa, chitenje cholembedwa dzina la bungwe, ndi ya thiransipoti akabwera ku msonkhano wa ku loji.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti amayi amene anayambitsa ntchito imeneyi padziko sanali a mtundu umodzi. Mu 1915, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, amayi oposa chikwi anakumana ku The Hague kufuna kuti nkhondo ithe, ndipo bungwe la Women's International League for Peace and Freedom linachokera pamenepo. Amene anatsogolera msonkhanowo, Jane Addams, ntchito yake inali kukhala pakati pa osauka a ku Chicago n'kumawathandiza. Aletta Jacobs, mmodzi mwa amene anaitanitsa msonkhanowo, anali dokotala. Emily Greene Balch ankaphunzitsa zachuma ku koleji.

Kapena titenge za kuno ku Africa. Mu 2003 amayi a ku Liberia anavala zoyera n'kumakhala pabwalo pafupi ndi msika wa nsomba ku Monrovia, dzuwa ndi mvula, kufuna kuti Charles Taylor, pulezidenti wa dzikolo panthawiyo, ndi zigawenga akambirane. Leymah Gbowee, amene anawatsogolera, ntchito yake inali kulangiza anthu osweka mtima ndi nkhondo, kuphatikizapo ana amene anagwiritsidwa mfuti. Amene anasonkhanitsa amayi achisilamu, Asatu Bah Kenneth, anali wapolisi. Pakati pa amayiwo panali ambiri ogulitsa pamsika. Zokambirana za ku Accra zitayamba kuchedwa, amuna akungodya za m'hotela, amayiwo anakakhala pansi pamakomo a holo, kuti aliyense asatuluke mpaka agwirizane. Nditamva zimenezi koyamba ndinaseka ndekha, chifukwa ndinaona azakhali anga pakhonde paja. Gbowee analandira mphoto ya Nobel mu 2011. Amayi a nsomba aja, chilengezo chonga chimene ndinalandira chija chikanawasiya panja onse.

Kwathu kuno tinali ndi malemu Lucy Sichone, loya weniweni wa mapepala ake, amene anayambitsa Zambia Civic Education Association mu 1993 kuti anthu wamba adziwe ufulu wawo. Ameneyo amandikumbutsa kuti loya akafuna, amatha kutsika n'kukhala pamphasa.

Chifukwa chake mabungwe amalemba anthu a mtundu umodzi ndikuchimvetsa. Ndalama zimachokera kunja, ndipo wopereka ndalama amafuna lipoti la m'Chingerezi ndi malisiti ogwirizana ndi bajeti. Bungwe lopanda wodziwa kuwerengera ndalama limafa chaka chisanathe, ndipo taona ena akufa choncho. Ndiye polemba ntchito amayamba aganiza za amene adzasangalatse wopereka ndalama, za m'mudzi zimabwera pambuyo. Chigamulo 1325 cha United Nations, chimene chinavomerezedwa pa 31 October 2000 dziko la Namibia likutsogolera Security Council, chimati amayi azikhala nawo pamene nkhani za mtendere zikugamulidwa. Mabungwe athu amachitchula pa msonkhano uliwonse. Ine funso langa ndi lakuti, amayi ake ati?

Pajatu ena amati Zambia ndi dziko la mtendere, nkhondo sitiidziwa. Kafunseni agogo a m'malire a Chadiza ndi Katete za zaka za m'ma 1980, pamene zigawenga za Renamo za ku Mozambique zinkadumpha malire usiku. Kafunseni a ku Petauke za anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anakhala ku Ukwimi mpaka mgwirizano wa ku Rome wa 1992 utawatsegulira njira yobwerera kwawo. Amayi amene ankagawana ufa ndi alendo amenewo, n'kumaweruza mikangano ya pachitsime pakati pa eni mudzi ndi obwera, ena akadali moyo. Ukadaulo umenewo uli pompano, ukungokalamba. Ndipo nthawi ya masankho ikafika, mnyamata wa chipani amene wamwa kachasu samvera kapepala kochokera ku ofesi. Amamvera mayi wa pa msika wa Kapata amene amamukongoza nsima ndalama zikamuthera.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Bungwe likakhala ndi malo asanu ndi limodzi, awiri akhale a anthu onga anamkungwi, aphunzitsi opuma, anamwino a kuchipatala cha kumudzi, kapena amayi amene akhala zaka m'bwalo la amfumu. Alembedwe ntchito yeniyeni, ya kontilakiti ndi penshoni ya NAPSA, ndipo akhale nawo pokonza mapulani, osati kuitanidwa kudzavina alendo akafika. Lipoti lawo alankhule pakamwa, wa digiri alembe. Intavyu ichitike m'chilankhulo cha kumene munthuyo akukagwira ntchito, kuti wochokera ku Lusaka nayenso atulukeko thukuta pang'ono.

Chilengezo chija ndinachitumiza kwa msuweni wanga kuti akawawerengere azakhali, kungofuna kumva maganizo awo. Akuti anamvetsera mpaka kumapeto akusenda mtedza, kenako n'kufunsa ngati ntchitoyo ili ndi njinga, chifukwa Loweruka akuyenera kukafika kutsidya kwa mtsinje kumene mabanja awiri akulimbirana dimba, ndipo bondo likuwavuta.