Musamuuze munthu wolira kuti chikhulupiriro chake nchochepa

Abale anga mwa Ambuye, ine ndinakulira mu mpingo wa RCZ (Reformed Church in Zambia) kwathu ku Katete, manje ndikhala kuno ku Lusaka, ndipo ndinena mosabisa kuti chimene chandinyamula pa mavuto ni chikhulupiriro changa mwa Yesu, palibe china. Koma pali mau amodzi amene ife Akhristu timakonda kuponyera anzathu ovutika ndipo amandipweteka maningi. Ati "ukanapemphera mwamphamvu izi sizikanakuchitikira", kapena ati "osalira, kulira ni kusakhulupirira". Chonde tileke.

Kumbukirani chabe mmene chinalili chaka cha 2024. Kolera inayamba mu October 2023, pofika January Heroes Stadium kumene timaonerera mpira inasanduka chipatala, masukulu anachedwa kutsegula mpaka February, anthu opitilira 700 anamwalira dziko lonse ndipo ambiri anali a mmakomboni muno, Kanyama, George, Chawama, Matero. Tisanapume nkomwe kunabwera chilala, pa 29 February a President Hakainde Hichilema analengeza kuti ni tsoka la dziko lonse, chimanga chinapsa mminda chisanabereke, madzi ku Kariba anatsika, malaiti kumapita mpaka maola 21 pa tsiku, thumba la unga la 25kg kupitilira K300. Anyamata owotcherera mageti ku Kalingalinga kumangokhala tsiku lonse, amai a masaluni chimodzimodzi, wogulitsa nkhuku za mufiriji kutaya katundu yense. Manje mundiuze, anthu onsewa sanali kupemphera? Ambiri a iwo ndiwo amadzaza matchalitchi pa Sabata ndi pa Sondo, ndiwo amagona ku mapemphero a usiku wonse.

Pafupi ndi pamene ndikhala panali amai ena, a kwaya, munthu wosaphonya mapemphero a mmamawa. Amuna awo anadwala madzulo, mmawa mwake kulibe. Ndipo mukudziwa maliro a kolera mmene analili, thupi sakupatsani kuti musambitse, kusonkhana kunaletsedwa, palibe kugona pa nyumba ya maliro, palibe moto wa amuna panja, palibe amai kugona pansi mu sitingi kuimba mpaka kucha. Kwa ife a kummawa chimenecho ni chilonda china pamwamba pa imfa. Chimene ndinaona ni chakuti amai a Chigwirizano, gulu la amai a mu mpingo, ankabwera awiriawiri, kuima kunja kwa geti patalipatali, kuimba nyimbo imodzi ya mu buku, kupemphera mwachidule, kusiya kathumba ka unga, malasha, kabotolo ka klorini, nkumapita. Mawa lake ena awiri. Panalibe amene anawafotokozera chifukwa chake Mulungu walola, panalibe amene anawafunsa kuti munachimwa chani. Amai aja analira masabata ambiri ndipo palibe anawaletsa, lero ali mu kwaya akuimba, ana akupita ku sukulu, mabvuto a ndalama akadalipo koma munthu ali chilili.

Kwa ine chitonthozo cha Chikhristu ni chimenecho, ndipo mu Baibulo ndimo chachokera. Anzake a Yobu atafika anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osalankhula kanthu, pamenepo anachita bwino. Analakwa atatsegula pakamwa nkuyamba kumufufuzira tchimo, mpaka kumapeto Mulungu anawakwiyira iwowo, osati Yobu amene anali kudandaula. Yesu pa manda a Lazaro analira, chonsecho anadziwa kuti amuukitsa pompo. Ku Getsemane anapempha kuti chikho chimupitirire, sichinamupitirire. Paulo anapempha katatu kuti munga uchoke mthupi mwake, sunachoke, anauzidwa kuti chisomo chikukwanira. Ndipo kawerengeni Salmo 88, lonse ni kudandaula kuchokera koyamba mpaka kotsiriza, silithera mu chimwemwe ngati masalmo ena ai, koma lili mu Baibulo lathu, Mulungu sanachite nalo manyazi. Ndiye ndani angayerekeze kunena kuti Paulo kapena Ambuye wathu chikhulupiriro chao chinali chochepa?

Apa ndipamene ndimasiyana ndi ma papa ena a masiku ano, aja odzitcha aneneri. Sindikunena onse, alipo abusa a mipingo ya Pentekosite amene ndawaona akuyenda mmatope a mkomboni kukaona odwala popanda kupempha olo ngwee imodzi. Ndikunena aja amene munthu akabwera wosweka mtima amamuonetsa botolo la mafuta odzozedwa ndi mtengo wake, ati bzala mbeu, kutanthauza kupereka ndalama, ndipo mwezi uno ntchito uipeza, ati amene akukulodza ni azakhali ako a kumudzi. Munthu amakongola kaloba kuti abzale mbeuyo. Mwezi ukatha ntchito kulibe, ngongole yakula, ndi azakhali sakulankhulana, ndiye akabwerera amauzidwa kuti vuto ni iwe, unakayika. Amachoka pamenepo wataya ndalama, wataya abale, ndipo choopsa kwambiri amayamba kuganiza kuti Mulungu wamukana. Ena mpaka amauzidwa kusiya ma ARV kapena mankhwala a shuga ati wachira, zimenezo ni kupha munthu abale.

Mneneri Eliya atathawira kuchipululu nkupempha kuti afe, mngelo sanamulalikire, anamudzutsa nkumupatsa mkate ndi madzi, anagonanso, nkumudzutsanso kuti adye kachiwiri. Mulungu amadziwa kuti tili ndi thupi. Kupemphera ndi kupita ku kiliniki sizilimbana, kupemphera ndi kuthira klorini mmadzi sizilimbana, ndipo ngati maganizo akulemera mpaka tulo osabwera, kukaonana ndi a dokotala kapena a kansela si kusiya Yesu.

Timanyada kuti Zambia ni dziko la Chikhristu kuchokera pamene a Frederick Chiluba analengeza pa 29 December 1991, ndipo kuyambira 2015 tili ndi tsiku la mapemphero pa 18 October. Ine ndilibe nazo vuto, ndimapita. Koma Yakobo chaputala 2 anafunsa kale kuti phindu lake nchani kuuza mbale wausiwa ndi wanjala kuti pita mu mtendere, ukafunde ukakhute, osamupatsa kanthu. Pa maliro timachita bwino, zoona, timadzaza ma basi kupita ku Chingwere kapena Leopards Hill, timaimba, timasonkha. Vuto limayamba tenti ikachotsedwa, abale akakwera basi pa Intercity kubwerera ku Chipata, mipando ya tchalitchi yabwezedwa. Nthawi imeneyo ndiyo wamasiye amayamba kumva imfa bwinobwino, lendi ikufunika, foni yasiya kulira, ndipo nthawi zina omwe aja anali kutsogolera nyimbo ku manda ndiwo abwera kudzanyamula firiji ndi bedi, chonsecho lamulo la 1989 limati ngati munthu sanasiye wilo, 50 peresenti ni ya ana ndipo 20 peresenti ni ya mkazi kapena mwamuna wotsala. Akulu a mpingo, madikoni, amai a Chigwirizano, a Dorika, magulu a amai a Katolika, pa tsiku logawa katundu muzikhalapo, muzikhala pambali pa wamasiye, ndipo mwezi wachiwiri ndi wachitatu muzipitabe kukamuona olo mulibe chonyamula mmanja.