Mwaye ndi wanu, musandilipiritse ine

Usiku wapitawu ndimagula tikiti ya ndege pa foni. Ndalemba dzina, ndasankha mpando, ndangotsala kulipira, mwadzidzidzi patulukira kabokosi kobiriwira kali ndi chithunzi cha tsamba. Ati ndichongepo, ndiwonjezere kandalama, kuti ulendo wanga ukhale "woyera". Woyera! Ndinayamba ndaika foni pansi, mtima utawira.

Inu mabwana a makampani a ndege, injini ndi yanu. Mafuta mumagula ndinu. Mwaye wotuluka kumbuyoko ndi wanunso. Ndiye ine ndikulowapo pati? Mwadetsa kumwamba nokha, tsache mukundigwiritsa ine, ndipo mukufuna ndiligule ndekha tsachelo?

Mafuta a ndegewa si achilendo ayi, ndi parafini, amene amamutcha Jet A-1. Amene anayatsapo nyali ya parafini akudziwa zimene zimachitika ukakweza chingwe mopitirira: mafuta achuluka, mpweya wachepa, lawi lafiira, galasi lada bii. Mu injini ya ndege n'chimodzimodzi. Pamene mafuta aunjikana osasakanikirana bwino ndi mpweya, pamabadwa mwaye. Kuwonjezera apo, m'parafini ameneyu muli makemikolo otchedwa ma aromatics, omwe amaloledwa kufika pa 25 peresenti, ndipo iwowa ndiwo sachedwa kusanduka mwaye. Zimenezi simunazimve dzulo. Mwazidziwa kalekale.

Musatinamize kuti poti utsi sukuonekanso ndiye kuti unatha. Inde, Boeing 707 ikamanyamuka zaka za m'ma 1960 inkasiya chiutsi chakuda tolotolo, lero zimenezo kulibe. Koma mwaye wa lero ndi timitumbu tosaoneka ndi maso, tolowa mpaka mkatikati mwa mapapo. Akupuma timeneti ndani? Mnyamata wokweza zikwama pansi pa phiko tsiku lonse, mayi wokhala kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege. Kumwambako nako, mizere yoyera ija ndege imasiya ikadutsa ndi nthunzi imene yagwirira pa mwaye womwewu n'kuundana kukhala ayezi. Ikamwazika imasanduka mitambo yopyapyala yotsekereza kutentha, makamaka usiku. Kuyera kwa mzerewo kusakupusitseni, phata lake ndi lakuda.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti mankhwala ake alipo, ndipo ali m'manja mwanu. Mu 2021 anaulutsa Airbus A350 ya injini za Rolls-Royce itamwa mafuta a SAF okhaokha (mafuta a ndege opangidwa kuchokera ku zinthu monga mafuta okazingira otha ntchito), opanda ma aromatics aja, kandege ka DLR, bungwe lofufuza za ndege la ku Germany, kakuilonda pambuyo n'kumayeza utsi. Timibulu ta ayezi tinachepa ndi 56 peresenti. Injini yomweyo, kungosintha mafuta basi. Opanga injini nawo anakonza chipinda choyakira moto chimene chimayamba chasakaniza mafuta ndi mpweya wambiri moto usanafikepo, ngati chija a kampani ya GE amachitcha TAPS, chimene chili mu injini za GEnx ndi za LEAP. Mwaye wotuluka m'menemo ndi wochepa kutalitali. Ngakhale parafini wamba yemweyu n'zotheka kumuyenganso ma aromatics n'kuchepa. Nanga pa zonsezi, n'chiti chimene chikudikira ine kuti ndichonge kabokosi?

Ndikudziwa zimene muyankhe. SAF ndi odula, mafuta okazingira otha ntchito opangira SAF ndi ochepa, timphira ta m'mapaipi timafuna ma aromatics pang'ono kuti tisadonthe ndiye malamulo amangolola kusakaniza mpaka theka. Ndamva. Umenewo ndi mutu wanu, uwawe inu.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsamba lobiriwira pa foni, tsamba lobiriwira pa kapu ya tiyi, tsamba lobiriwira pa mchira wa ndege, koma tsegulani thanki muone. Malinga ndi IATA, bungwe lanu lomwe, mu 2024 SAF anali 0.3 peresenti ya mafuta onse a ndege. Ndiye kuti pa malita 1,000 alionse, malita 3 okha. Atatu! Malita 997 otsalawo ndi parafini yemwe uja wodetsa galasi. Pa 28 November 2023 Virgin Atlantic inaulutsa Boeing 787 kuchoka ku London kupita ku New York pa SAF okhaokha, dziko lonse linamva. Chabwino, zinaonetsa kuti n'zotheka. Koma unali ulendo umodzi, ndipo mu 2024 bungwe loona za malonda otsatsa ku Britain linaletsa uthenga wa pa wailesi wonena za ulendowo, ati unali wosocheretsa anthu.

Ndipo kandalama kanga kaja ndikanapereka, mukuganiza kuti wina akanathamanga ndi chigubu kukathira SAF mu ndege imene ndikwere ineyo? Ayi. Akanathiridwa kwina, tsiku lina, mu ndege ina, ine n'kungolandira imelo yondithokoza. Mnyamata wa zikwama uja akanapumabe mwaye womwewo pansi pa phiko langa.

Taonani pamene zinthu zimasuntha. ICAO, nthambi ya United Nations yoona za ndege, itakhwimitsa malire a mwaye wa injini kuyambira mu 2023, opanga injini sanafunse okwera ndege kuti asonkhe. European Union italamula kuti mafuta a m'mabwalo ake akhale ndi 2 peresenti ya SAF mu 2025 ndi 6 peresenti mu 2030, palibe anati tidikire kaye anthu a mtima wabwino achonge timabokosi. Chikwapu chikalira mumathamanga. Chikapanda kulira mumatitumizira masamba obiriwira n'kumatilonjeza kuti zonse zidzayera pofika chaka cha 2050. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ine za 2050 sindikuzifuna, ndikufunsa za injini imene yalira m'mawa uno.

Gulani injini zoyaka bwino. Gulani mafuta oyera. Mtengo wake uikeni mu tikiti poyera, ndidzadandaula koma ndidzalipira, monga ndimalipirira matayala ndi malipiro a woyendetsa. Kapena matayala nawo mudzayamba kutifunsa ngati tikufuna kuthandizapo?

Ndipo inu achimwene amene mukaona mizere ija kumwamba mumanditumizira mavidiyo pakati pa usiku, ati maboma akutipopera poizoni mwachinsinsi, nanunso mwanditopetsa. Chinsinsi chake chiti? Mwaye ukuyezedwa masana dzuwa likuswa mtengo, manambala ali poyera, inu muli kalikiliki kusaka mfiti m'mitambo. Eni injini akamakuonani choncho amangoseka. Musanditumizirenso.