Musanaitane asilikali a SADC, funsani kaye anthu a ku Maseru

Chisankho chikangovuta m'dziko lililonse kuno kummwera kwa Africa, pa Facebook pano pamadzaza mafunso akuti, "Kodi SADC ili kuti? Nanga South Africa ikungoyang'ana bwanji?" Tinawamva mafunsowa mu 2021 pamene ku Eswatini kunali chipwirikiti. Tinawamvanso kumapeto kwa 2024 pamene ku Mozambique zinthu zinafika poipa, mathankala a mafuta athu akuvutika panjira ya ku Beira, anthu akuwoloka kuthawira ku Nsanje. Ofunsawo sindikuwanyoza ayi. Munthu ukaona anzako akuwomberedwa mumsewu umalakalaka patabwera wina wamphamvu kudzaleretsa. Koma ine maganizo anga ndi akuti dziko lalikulu lisamatumize asilikali kukathetsa mkangano wa ndale m'dziko laling'ono loyandikana nalo, makamaka ngati lili ndi chuma chake kumeneko. Ndikunena izi chifukwa zinachitikapo kale m'dera lathu lomwe lino, ndipo ambiri amene akufuula lero sakudziwa mmene zinathera.

Mu May 1998 ku Lesotho kunali chisankho. Chipani cha LCD, chomwe Ntsu Mokhehle anali atangochiyambitsa chaka chapitacho atachoka m'chipani cha BCP, chinapeza mavoti pafupifupi 60 pa 100 alionse. Koma mipando ya aphungu chinatenga 79 mwa 80. Chipani cha BNP chinavoteredwa ndi munthu mmodzi mwa anayi alionse, n'kungopeza mpando umodzi basi. BCP inatuluka chimanjamanja. Njira yawo yovotera inali ngati yomwe timasankhira aphungu kwathu kuno: woposa anzake m'dera ndiye watenga, mavoti a enawo apita pachabe. Ndiye tangoganizani anthu anayi mwa khumi alionse kudzuka m'mawa n'kupeza kuti m'Nyumba ya Malamulo muli munthu mmodzi yekha wowayankhulira. Otsutsa anati mavoti abedwa. Kuyambira mu August anakamanga misasa kunja kwa nyumba ya Mfumu Letsie III ku Maseru, likulu la dzikolo, akugona pomwepo, akuumiriza mfumu kuti ichotse boma la nduna yaikulu yatsopano, Pakalitha Mosisili.

Maiko oyandikana nawo anatumiza gulu lofufuza motsogoleredwa ndi jaji wa ku South Africa, Pius Langa. Lipoti lake linachedwa kutuluka, ndipo litatuluka silinakhutiritse aliyense: linati zolakwika zinalipodi, koma silinanene kuti chisankho chifafanizidwe. Panthawiyi n'kuti asilikali a maudindo ang'onoang'ono ataukira mabwana awo, maofesi a boma atatsekedwa, magalimoto a boma akulandidwa m'misewu. Mosisili analembera atsogoleri anzake kupempha thandizo la asilikali.

Tsopano mvetserani mmene chigamulo chinapangidwira. Nelson Mandela anali kunja kwa dziko, wachiwiri wake Thabo Mbeki nayenso kunja. Amene anagwirizira mpando masiku amenewo anali Mangosuthu Buthelezi, ndipo ndi iye analamula. M'bandakucha wa pa 22 September 1998 asilikali a South Africa pafupifupi 600 anawoloka malire. A Botswana, pafupifupi 200, anafika mochedwa nkhondo itayamba kale, moti kwa munthu wa ku Maseru amene anasuzumira pawindo m'mawa umenewo, chimene anaona ndi magalimoto ankhondo a South Africa okhaokha. Anati ndi ntchito ya SADC, koma panalibe msonkhano wa atsogoleri onse a SADC umene unakhala pansi n'kuvomereza. Komanso mwezi umodzi wokha m'mbuyomo, Zimbabwe, Angola ndi Namibia zinali zitatumiza asilikali ku DRC kukapulumutsa Laurent Kabila, nazonso zikuti n'zam'dzina la SADC, South Africa ikukana kulowa nawo n'kumati nkhani ya ku Congo ithe pokambirana. Dzina la SADC chaka chimenecho aliyense ankangolitola akafuna.

Anapita akuganiza kuti asilikali a Lesotho akangoona zida zikuluzikulu agonja. Sizinatero. Ku kampu ya Makoanyane kunamenyedwa nkhondo yeniyeni. Pomwe asilikali obwerawo anali kalikiliki kumeneko, tauni inatsala yopanda woilondera. Msewu waukulu wa Maseru, wotchedwa Kingsway, unasanduka malawi: mashopu akuyaka motsatizana, anthu akutuluka atasenza katundu pamutu, ena akukankha matrole odzaza, utsi utaphimba mzinda. Mashopu a eni ake a ku South Africa ndi amene anthu anayamba nawo chifukwa cha mkwiyo, koma moto susankha, ndipo amene anadzuka opanda ntchito sabata yotsatira anali Abasotho eni ake. Ku Mafeteng ndi ku Mohale's Hoek kunachitikanso zomwezo. Anthu oposa 60 anafa, kuphatikizapo asilikali a South Africa osachepera 8. Asilikali akunjawo anachoka mu May 1999.

Pali malo ena amene ine ndimawaona kuti ndi pomwe pagona nkhani. Tsiku loyamba lomwelo gulu lina la asilikali a South Africa linaulukira kumapiri, ku damu la Katse, kutali kwambiri ndi Maseru, kutali ndi nyumba ya mfumu, kutali ndi Nyumba ya Malamulo. Kumeneko kunalibe zionetsero. Kunali asilikali a Lesotho olondera damu, ndipo oposa 10 mwa iwo anaphedwa. Damu la Katse, lomwe khoma lake ndi lalitali mamita 185, ndi mtima wa ntchito yotumiza madzi kuchokera kumapiri a Lesotho kupita ku Gauteng. Achibale athu amene ali ku Johannesburg akatsegula mpopi, ena mwa madziwo amachokera kumeneko. Pangano la madziwa linasainidwa mu 1986, chaka chomwe boma la tsankho la South Africa linatseka malire a Lesotho mpaka asilikali a Justin Lekhanya anachotsa nduna yaikulu Leabua Jonathan pampando. Onjezanipo za mu December 1982, pamene asilikali a boma la tsankho lomwelo analowa mu Maseru usiku kusaka anthu a ANC n'kupha anthu 42. Munthu wa ku Lesotho amene anali ndi zaka 30 mu 1998 zonsezi anaziona ndi maso ake. Mungamuuze bwanji kuti ulendo uno abwerera demokalase?

Sindikunena kuti Mandela ankafuna kuba madzi. Ndikunena kuti dziko lililonse likatulutsa asilikali ake limayamba lateteza zake, ndipo palibe chodabwitsa pamenepo. Kwathu kuno banja likayambana timaitana ankhoswe, koma sitiitana munthu amene ali ndi dimba m'munda mwa banjalo, chifukwa ngakhale ataweruza bwino chotani, mbali imodzi idzati amateteza dimba lake. Dziko lalikulu loyandikana nalo nthawi zonse limakhala ndi kanthu kake mkati mwa laling'onolo: madzi, mashopu, njira ya katundu, anthu ake ogwira ntchito m'migodi.

Ena ati, "Koma pambuyo pake zinthu zinakonzeka." Zoona, china chake chinakonzeka, ndipo tichione bwino chimene chinakonzekacho. Zipani zonse zinakhala pansi m'bungwe logwirizira, n'kusintha kavotedwe. Mipando inakwera kufika 120: ya m'madera 80 monga kale, ina 40 yogawidwa potengera mavoti amene chipani chapeza m'dziko lonse. Pachisankho cha 2002 LCD inapambananso, koma BNP inapeza mipando 21 ndipo zipani khumi zinalowa m'Nyumba ya Malamulo. Maseru sanapse. Matenda anali m'lamulo la chisankho, ndipo mankhwala anapezeka pa tebulo. Amene akufuna kundiuza kuti popanda mfuti anthuwa sakanakhala patebulopo akumbukire 1994. Chaka chimenecho Mfumu Letsie III yomweyi inachotsa boma la Mokhehle, ndipo Mandela, Robert Mugabe ndi Ketumile Masire anaipanikiza ndi mawu, ndi chiopsezo chotseka malire, mpaka boma linabwerera patangotha mwezi umodzi. Msilikali wakunja sanaponde mu Maseru. South Africa yazungulira Lesotho mbali zonse. Ikafuna kufinya, sifunika mfuti.

Ndipo vuto limene asilikali akunja anati akukathetsa, la asilikali a Lesotho kulowerera ndale, silinathe. Mu August 2014 nduna yaikulu Thomas Thabane anathawira ku South Africa akuti asilikali akufuna kulanda boma, Cyril Ramaphosa n'kukhala mkhalapakati. Mu June 2015 Maaparankoe Mahao, yemwe anakhalapo mkulu wa asilikali, anawomberedwa ndi asilikali anzake. Mu September 2017 mkulu wina wa asilikali, Khoantle Motšomotšo, anaphedwa muofesi mwake. SADC inatumizanso gulu lina kumapeto kwa chaka chimenecho. Ulendo uno anachita mwadongosolo, atagwirizana maiko angapo, ndipo sanalowe akuwombera. Apatu n'kuti papita zaka 19 chichitikire za ku Kingsway.

Ndikudziwa kuti mundiponyera nkhani ya Gambia, ndipo ndi nkhani yabwino. Pulezidenti Yahya Jammeh anagonja pachisankho cha pa 1 December 2016, anavomera pawailesi yakanema, kenako patatha sabata n'kutembenuka. Senegal, yomwe yazungulira Gambia pafupifupi mbali zonse, inatsogolera asilikali a ECOWAS, bungwe la maiko a kumadzulo kwa Africa. Adama Barrow, yemwe anapambana chisankhocho, analumbirira ku ofesi ya kazembe wa Gambia ku Dakar pa 19 January 2017, ndipo pa 21 January Jammeh anakwera ndege ulendo wa ku Equatorial Guinea. Koma onani kusiyana kwake. Amene anapambana ankadziwika, bungwe la chisankho la dzikolo linali litalengeza, wogonjayo anali atavomera yekha. ECOWAS, African Union ndi United Nations onse ankanena chimodzi. Asilikali a Gambia sanafune kumenya nkhondo. Zinthu zotere sizikumana kawirikawiri. ECOWAS yomweyo itayesa kuopseza Niger mu 2023, asilikali atachotsa pulezidenti Mohamed Bazoum, sinalowe n'komwe, ndipo mapeto ake Niger, Mali ndi Burkina Faso anatuluka m'bungwelo. Ku Gambia komweko asilikali obwera anakhalitsa zaka zambiri, mpaka eni dziko ena anayamba kufunsa kuti kodi akulondera dziko kapena akulondera pulezidenti.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti malamulo a kulowererapowa amagwira ana okhaokha. Ku Zimbabwe mu 2008 anthu anamenyedwa ndi kuphedwa pakati pa chisankho cha March ndi chachibwereza cha June, mpaka Morgan Tsvangirai anadzichotsa pampikisano. Kodi alipo amene anatumiza msilikali ku Harare? Kunapita Mbeki ndi zikalata. Sindikuti akanatumiza, ndikungoti sakanayerekeza, chifukwa Zimbabwe ili ndi mano. Choncho funso limene akuluakulu amadzifunsa si loti "anthu akuvutika motani?" koma loti "dziko limeneli tingalithe?" Ife a ku Malawi tikamaombera m'manja zoterezi tizikumbukira kuti pamndandanda wa maiko a SADC tili kumbali ya ang'onoang'ono.

Komanso kalata ya mtsogoleri wopanikizidwa isamakhale chiphaso. Pulezidenti kapena nduna yaikulu imene anthu akuikayikira kuti inabera chisankho ndiyo imalemba kalata yoitana asilikali akunja. Otsutsa alibe wowalembera. Ndiye obwerawo, afune asafune, amafika atasankha kale mbali.

Taganizani za 2019 kwathu kuno. Mavoti a tipeksi, zionetsero miyezi ndi miyezi, mashopu kuthyoledwa, Msundwe. Oona zisankho ochokera kunja, a SADC omwe, sanaonepo vuto lalikulu pachisankho chija. Tsono boma la nthawi imeneyo likanalemba kalata yopempha asilikali kwa anansi, mukuganiza akanabwera kudzaima mbali iti? Chimene chinatitulutsa ndi majaji athu asanu amene pa 3 February 2020 anafafaniza chisankho cha pulezidenti n'kunena kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka, asilikali athu amene ankayenda pambali pa ochita zionetsero m'malo mowawombera, ndi anthu amene anapitanso kukavota pa 23 June 2020. Zinali zowawa, zinatenga chaka chathunthu, koma palibe amene anganene kuti boma lotsatira analiika ndi alendo.

Sikuti anansi azingopinda manja. Abwere msanga, moto usanakule, atumize akhalapakati amene mbali zonse zikuwavomereza, atulutse malipoti awo nthawi yake osawabisa m'madirowa, anene poyera chisankho chikakhala chachinyengo m'malo mothamangira kutumiza uthenga wa mafuno abwino, aletse atsogoleri opha anthu kuyenda ndi kusunga ndalama kwawo. Zikafika poti anthu akuphedwa mwaunyinji, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo njira yake inalembedwa kale. Pangano la SADC la ndale, chitetezo ndi bata linasainidwa kwathu konkuno, ku Blantyre, mu August 2001, patangopita zaka zitatu chichitikire za ku Lesotho. Limati mphamvu za nkhondo zigwiritsidwe ntchito pokhapokha njira zina zonse zitakanika, atsogoleri onse atagwirizana, komanso nthambi ya chitetezo ya United Nations italoleza. Malawi inasaina nawo. Choncho tsiku lina akadzatipempha asilikali athu kuti akathandize kuika kapena kusunga munthu pampando m'dziko la eni, ndikufuna aphungu athu adzatenge pepala limeneli n'kufunsa kuti ndime zitatuzi zakwaniritsidwa liti, ndege isananyamuke pa Kamuzu International Airport.