Maganizo anga: kuuza ana kuti "osamwa" basi n'kuwasiya m'manja mwa imfa

Makolo, aphunzitsi, ndi inu amene mumatsogolera achinyamata m'mipingo ndi m'mizikiti, taganizirani izi. Mnyamata wa Fomu 3 wamwa midoli iwiri usiku wa disiko, wagwa kuseri kwa holo, sakuyankha. Amene ali naye pamenepo ndi anzake atatu azaka 16, ndipo zonse zimene tinawaphunzitsa n'zakuti mowa ndi woipa komanso wogwidwa achotsedwa sukulu. Chifukwa cha mantha amamunyamula mwakachetechete, kukamugoneka chagada ku hositelo, kumufunditsa bulangete, aliyense n'kulowera kwake. Akasanza ali chikomokere, masanzi amalowa m'njira ya mpweya, ndipo pofika m'mawa kulibe munthu.

Ine sindifuna kuti mwana aliyense ayambe mowa, chamba kapena vape (ndudu yamagetsi). Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo ubongo umapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma 25, makamaka mbali yakutsogolo imene imathandiza munthu kudziletsa. Amene amayamba kumwa asanakwane zaka 15 ndi amene amakodwa kwambiri mu uchidakwa akakula. Choncho mawu akuti "osamwa" akhalepo ndithu. Koma pambali pake pakhale masamu a mowa, zizindikiro za ngozi ndi chochita mnzako akagwa, chifukwa wopulumutsa mwana usiku umenewo ndi mwana mnzake.

Tiyambe ndi masamu, popeza ana ambiri amayeza mowa ndi kukula kwa botolo. Botolo la mowa wa thovu la mamililita 330 lolembedwa 5% limakhala ndi magalamu pafupifupi 13 a mowa weniweni. Kabotolo ka mowa waukali ka mamililita 200 kolembedwa 40% kamakhala ndi magalamu pafupifupi 63. Ndiye kuti kabotolo kamodzi kolowa m'thumba la yunifolomu ndi mabotolo asanu a mowa wa thovu. Chiwindi cha munthu wamkulu chimatha kuchotsa magalamu pafupifupi 10 pa ola, ndipo palibe chochifulumizitsa. Kabotolo kamodziko kakufuna maola asanu ndi limodzi kapena kuposa. Mtsikana kapena mnyamata wochepa thupi amaledzera msanga ndi mlingo womwewo chifukwa thupi lake lili ndi madzi ochepa osungunula mowawo, ndipo amene wamwa ndi njala, mowa umathamangira m'magazi.

Chinthu china chimene ana sachidziwa n'chakuti mowa suleka kugwira ntchito munthu akaleka kumwa. Umene uli m'mimba umapitiriza kulowa m'magazi kwa theka la ola mpaka ola ndi kuposerapo. Mwana amene anagugudiza kabotolo pa mpikisano angaoneke bwinobwino poyamba, kenako n'kumaipiraipira ali gone. N'chifukwa chake mawu akuti "msiyeni agone, udzatha wokha" ndi oopsa.

Boma linaletsa masacheti, monga Zambia inachitira ndi tujilijili mu 2012, koma mowa womwewo unasamukira m'timabotolo totsika mtengo. Kachasu ndiye alibe n'chizindikiro chomwe: wa mutu ndi wotsalira kumapeto amasiyana mphamvu kutalitali, ndipo womwa sangadziwe kuti wameza zingati.

Tsopano chochita mnzako akagwa. Izi muziphunzitse ndi manja, pa mkeka, mwana aliyense ayese pa mnzake. Mugwedezeni paphewa, mumuitane dzina mokweza. Ngati sakudzuka koma akupuma, gwadani pambali pake. Mkono umene uli kumbali yanu muutambasule pansi. Dzanja linalo mulibweretse patsaya loyang'ana kwa inu. Pindani bondo la mwendo wakutali, ligwireni, mumukokere kwa inu mpaka agone cham'mbali. Kwezani chibwano pang'ono kuti mpweya uzidutsa, kamwa iloze pansi kuti masanzi azituluka okha. Mumufunditse, chifukwa mowa umatayitsa thupi kutentha ngakhale munthu akumva ngati wafunda, ndipo mu June ndi July ku Dedza kapena ku Mzuzu kuzizira kokhako kungamumalize. Wina akhale naye osachoka, wina athamangire munthu wamkulu.

Werengani kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu. Akamapuma kosakwana kasanu ndi katatu pa mphindi, kapena akamadukiza masekondi 10 osapuma, milomo kapena zikhadabo zikayamba kuda, khungu likazizira, akamasanza osadzuka, kapena akayamba kuphupha ngati wakhunyu, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto mupite kuchipatala, ndipo m'galimotomo agonebe cham'mbali. Kabaza wa njinga yamoto si wonyamulira munthu wokomoka pokhapokha palibiretu china, ndipo pakhale womugwira kumbuyo.

Zimene tinazolowera kuchita zambiri zimawonjezera ngozi. Kumuthira madzi ozizira kumatsitsa kutentha kwa thupi kumene kwatsika kale. Kumumwetsa mkaka, khofi kapena madzi amchere ali wokomoka ndi kumutsamwitsa. Kumulowetsa chala kukhosi n'chimodzimodzi. Kumuyendetsa kuti mowa utuluke kumangomugwetsa, ndipo bala la m'mutu limabisala m'kuledzera. Chimodzi chokha chothandiza: mowa umatsitsa shuga m'magazi, makamaka kwa ana ndi amene sanadye, choncho ngati ali maso, wakhala tsonga ndipo akumeza bwino, mpatseni madzi a shuga pang'onopang'ono. Ngati sali maso, pakamwa pasalowe kanthu.

Palinso mowa umene umapha mochedwa. Ena amasakaniza mowa ndi spiriti wa m'mafakitale amene ali ndi methanol kuti upindule. Mu 2024 anthu anamwalira ku Blantyre atamwa mowa wotchedwa "ambuye n'tengeni". Methanol sanunkha mosiyana ndi mowa wamba ndipo poyamba munthu amangoledzera monga mwa nthawi zonse. Pakapita maola 12 mpaka 24, chiwindi chikamusandutsa asidi, m'pamene mutu umayamba kupweteka kwambiri, m'mimba kupota, kupuma mwabefu, maso kuona mbuu. Mamililita 10 okha akhoza kuchititsa khungu, ndipo 30 akhoza kupha. Mwana adziwe kuti matsire sasokoneza maso. Mnzake akati sakuona bwino tsiku lotsatira, apite kuchipatala nthawi yomweyo, atenge botolo lotsala, ndipo onse amene anamwa nawo apite ngakhale akumva bwino.

Za mapiritsi ndi mankhwala a chifuwa, lamulo lophunzitsa ndi limodzi: zinthu zogonetsa zikaphatikizidwa, kupuma kumaima. Mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, amene ku Zimbabwe avuta kwambiri ndi dzina lakuti bronco, diazepam, tramadol ndi mowa zonse zimafooketsa malo a mu ubongo amene amayendetsa kupuma. Mlingo umene mwana anapirira dzulo wokha ukhoza kumupha lero atausakaniza ndi kabotolo kamodzi. Tramadol wambiri amagwetsanso khunyu. Zakumwa zopatsa mphamvu zimabisa kuledzera, munthu n'kumamwabe thupi litakwana kale. Ndipo kuchipatala anene zoona zonse: chimene wamwa, kuchuluka kwake ndi nthawi yake. Achipatala amafunsa kuti asankhe mankhwala, ndipo ena mwa poizoni ameneyu ali ndi mankhwala omubweza.

Pa chamba pali chisokonezo chimene tiyenera kuchikonza. Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chiphaso. Kusuta n'koletsedwabe. Musamuuze mwana kuti aliyense wosuta amapenga, chifukwa akudziwa anthu osuta amene sanapenge, ndipo akakugwirani bodza limodzi zonse zimene munanena zimagwa. Muuzeni zoona: kuyamba uli wamng'ono, kusuta tsiku ndi tsiku, chamba champhamvu, ndi kukhala ndi wachibale amene anadwalapo misala, n'zimene zimakulitsa ngozi ya kuzungulira mutu. Chamba chophikira m'zakudya chimachedwa kugwira, theka la ola mpaka maola awiri, ndipo woyamba kumene amawonjezera poganiza kuti sichinagwire.

Vape ndiyo imene makolo ambiri sanaidziwe n'komwe. Imaoneka ngati cholembera kapena fulashi, imanunkhira mango kapena chingamu, siisiya fungo pa malaya. Mkati mwake muli batire, kawaya kotentha, ndi madzi osakaniza nikotini ndi zonunkhiritsa. Chotuluka si nthunzi ya madzi ayi, ndi tinthu ting'onoting'ono ta mankhwalawo tolowa mpaka pansi pa mapapo. Phunzitsani ana kuwerenga paketi. Pakalembedwa 2%, ndiye kuti mamiligalamu 20 a nikotini pa mililita imodzi. Pakalembedwa 5%, ndi mamiligalamu 50. Ku Britain malire ovomerezeka ndi 20, ndipo kuyambira June 2025 analetsa kugulitsa ma vape otaya ukamaliza. Koma ena amene amalowa kuno m'zikwama ndi a 5%. Vape ya mamililita 10 ya 5% ili ndi mamiligalamu 500, pamene ndudu imodzi imalowetsa m'thupi miligalamu imodzi kapena ziwiri. Si yonse imene imalowa m'magazi, komabe masamuwo akuonekeratu.

Ndudu imatha, munthu n'kutaya kashiki. Vape ilibe pothera, choncho mwana amakoka pogona, podzuka, m'chimbudzi cha kusukulu, ndipo chibaba chimamugwira m'masabata ochepa. Nikotini imafika mu ubongo m'masekondi osapitirira 20. Mudzamuona akupsa mtima m'kalasi, akulephera kukhazikika, akupempha kutuluka kawirikawiri, akusowa tulo. Akakoka kwambiri amachita nseru, chizungulire, thukuta, mtima kugunda mothamanga. Pamenepo aleke, akhale pansi pa mpweya wabwino, ndipo chifuwa chikamapweteka kapena akamabanika apite kuchipatala. Madzi a vape akamezedwa ndi mwana wamng'ono ndi poizoni, musawasiye pamene mng'ono wake angafike. Madzi osadziwika kochokera ndiwo oopsa koposa: kuyambira mu 2019 mpaka kumayambiriro kwa 2020 ku America anthu oposa 2,800 anagonekedwa m'zipatala ndipo 68 anamwalira ndi matenda a mapapo, makamaka chifukwa cha madzi a chamba osakanizidwa ndi vitamin E acetate. Batire la vape likatupa kapena likamatentha potchaja, lichotseni, lingaphulike.

Wina anena kuti vape ndi yabwinoko kuposa ndudu. Kwa bambo amene wasuta zaka 20 ndipo akufuna kusiya, pali choonadi pamenepo. Mwana amene sanasutepo sapindula kanthu, amangotenga chibaba chimene analibe. Shisha, fodya wosutira pa botolo la madzi lokhala ndi kapaipi, nayo musaiiwale: madzi a m'botolomo sasefa poizoni, makala ake amatulutsa mpweya woipa wofanana ndi wa mbaula m'chipinda chotseka, ndipo kupatsirana kapaipi kamwa ndi kamwa kumafalitsa matenda.

Kaphunzitsidwe kake ndiko timalephera. Kusonkhanitsa sukulu yonse pa asembule, wapolisi n'kulankhula ola limodzi, ana n'kuwomba m'manja, sikusintha kanthu. Ziyambike ku Sitandade 6 kapena 7, mwana asanapatsidwe kabotolo koyamba, m'magulu ang'onoang'ono, kangapo pa teremu, mu phunziro la Life Skills limene lilipo kale. Bweretsani mabotolo opanda kanthu awerengere okha magalamu. Ayeseze kukana ndi mawu awoawo, monga "ndili ndi mpira mawa" kapena "amayi amandinunkhiza pakhomo", chifukwa wopereka mowa sakhala mlendo, amakhala mnzake wapamtima kapena chibwenzi. Adziwe kuti popita kokasangalala apite limodzi n'kubwerera limodzi, chakumwa chotsegula kale asalandire, ndipo kabaza kapena dalaivala womwa asakwere. Ngati wina wagwiriridwa kapena wagonana mosadziteteza ataledzera, mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayambidwe pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira bwino akamwedwa msanga. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere, aisunge pamtima.

Nanga ife akuluakulu? Kutuma mwana wa zaka zisanu ndi zinayi kukagula kachasu, kapena kumulawitsa masese kuti anthu aseke, ndi phunziro lamphamvu kuposa lililonse la m'kalasi. Tileke.

Ndipo ndikupempha ahedi, mapatroni, mamatroni ndi makomiti a makolo: lembani m'malamulo a sukulu, muwerengere ana poyera, kuti amene wabwera kudzanena kuti mnzake wakomoka sachotsedwa sukulu, ngakhale iyenso anamwa. Chilango chikambidwe mawa, mwana ali moyo. Kunyumbanso chimodzimodzi: muuzeni kuti akhoza kukuimbirani nthawi iliyonse usiku ndipo mudzamutenga osamumenya. Amene wakodwa kale afunika chithandizo, ndipo chilipo ku chipatala cha boma, ku Zomba Mental Hospital, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku mpaka manja kumanjenjemera m'mawa, musamutsekere m'nyumba kuti asiye mwadzidzidzi. Thupi lozolowera mowa likausowa kamodzin'kamodzi limatha kugwa khunyu m'masiku awiri oyamba, ndi kubwebweta kumene kungaphe cha pa tsiku lachitatu. Ameneyo asiye moyang'aniridwa ndi achipatala.