Amalume anandiona pachiwaya, koma sanaone mphika wathu

Loweruka lapitali amalume anga anandiona ndili pachiwaya m'tauni muno mwa Zomba, foloko ili m'manja. Anali pa ulendo wa ku Liwonde, ndiye minibasi itaima anandionera pawindo. Sanatsike. Usiku ndi pomwe uthenga unalowa pa WhatsApp: "Mphwanga, kuno timamva zoti kusukuluko mukuvutika, koma ndaona tchipisi mukudya ndithu." Sindinawayankhe mwamwano. Ndi amalume, ndiponso fizi ya chaka changa choyamba anasonkhako ndi iwowo. Koma mawuwa andikhala pamtima sabata yonse, ndipo ndikudziwa kuti makolo ambiri amaganiza chimodzimodzi, ndiye ndati ndiyankhule pano.

Chomwe amalume anaona ndi mbale imodzi. Mbale zina zonse za sabata imeneyo zinaphikidwa pakhonde la kachipinda kathu ku Chikanda, pa mbaula yomwe mwendo wake umodzi tinauchirikiza ndi njerwa.

Timakhala atatu. Ine ndimabwera ndi mgaiwa kuchokera kwathu ku Ntcheu, nthawi zina ndi kachewere wa pa Lizulu mayi akakhala kuti apezako kangachepe. Mnzanga wina kwawo ndi ku Karonga, iyeyo ndiye wa mpunga wa Kilombero, ndipo tsiku lomwe tauphika anthu a zipinda zoyandikana amadziwa chifukwa fungo lake silibisika. Wachitatu ndi wa ku Phalombe, amabwera ndi nandolo ndi mtedza. Zotsalazo, makala, mchere, tomato, anyezi ndi mafuta otapa aja a m'timapepala, timasonkha ngati memo ya amisiri omanga nyumba. Aliyense ataphika payekha, palibe angafike kumapeto kwa mwezi. Mbaula zitatu ndi makala katatu.

Kuphika kwa mwana wasukulu ndi masamu, ndipo masamuwa anakula kwambiri kuchokera mu Novembala 2023 pomwe kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Nyemba timaziviika usiku wonse kuti mawa zisadye makala ambiri. Timaphika mphika waukulu Lamulungu, tsiku loyamba n'kudya zongothira mchere ndi anyezi, lachiwiri n'kuzikazinga ndi tomato, ndipo usiku uliwonse timaziwiritsanso kuti zisasase chifukwa filiji tilibe. Nyama ya soya anthu amainyoza chifukwa amaiphika mothamanga. Iviikeni m'madzi otentha, muifinye bwinobwino, muikazinge mpaka ifiire, kenako ndiye muthire tomato. Mukaiponya mu msuzi ili yonyowa imakhala ngati siponji, mlandu ndi wanu. Bonya naye amafuna ulemu wake: kumutsuka ndi madzi ofunda kuti mchenga uchoke, kumuwambako pang'ono mu poto wouma, mafuta pambuyo. Mafuta akatheratu sitidandaula kwenikweni, mtedza wa ku Phalombe uja timausinja, nkhwani wotendera n'kukhala ndiwo zoti ngakhale mlendo sungachite naye manyazi.

Ku msika wa Mpondabwino timapita dzuwa litapendeka. Nthawi imeneyo amayi a tomato amakhala akuganiza zobwerera kunyumba, safuna kusenzanso dengu lodzaza. Pali mayi wina amene ndimagula kwa iye chiyambire chaka chatha. Akandiona amangoti, "Mwana wanga, mayeso ayamba?" n'kuponyamo tomato awiri ofewa a banyira. Matemba a ku Chilwa akatchipa ndi iyeyo amanditsina khutu kuti ndipite kwa uje, lero abwera ambiri. Zimenezi sindinaziphunzire m'kalasi iliyonse, koma ndizo zandisunga pasukulu.

Tsono munthu amene wadya chonchi kuyambira Lamulungu mpaka Lachisanu, kodi walakwa chiyani akapita pachiwaya Loweruka?

Ndikuuzeni chomwe timakapeza kumeneko. Madzulo a mwezi wa Juni, chiperoni chitatsika m'phiri, manja atauma ndi kuzizira, umaima pafupi ndi moto wa nkhuni womwe ukulilima pansi pa chiwaya. Achimwene aja amakankhira tchipisi chako m'mbali mwa chiwayacho kuti mafuta atsike, amawaza mchere, kabichi wodula mopyapyala, tomato, ndi tsabola wa kambuzi amene amakutulutsa thukuta ngakhale kukuzizira. Ndalama ikalola umati, "Aswerenipo dzira limodzi." Palibe mpando, palibe tebulo. Pambali pako pali wakabaza, uko kuli mphunzitsi wa kupulayimale, apa pali mnyamata wa chaka chachinayi amene m'kalasi sungayerekeze kumuyankhula, koma pano mukupatsirana botolo la tsabola n'kumakangana za Bullets ndi Wanderers. Tsiku limenelo sunakoleze moto, sunakweche poto, m'maso mulibe utsi wa makala osapsa. Wina wakuphikira, iwe wangodya. Kwa munthu amene ali kutali ndi mayi ake, chimenechi si chinthu chaching'ono ayi.

Sindikuikira kumbuyo aliyense. Ndawaona anzathu amene ndalama ya ngongole ya sukulu ikangolowa amaiwala komwe kuli mbaula. M'mawa kulesitilanti, masana nkhuku, usiku kanyenya ndi anzawo asanu. Pakatha masabata awiri amayamba kuzungulira m'zipinda nthawi ya nsima, ena mpaka kukatenga katapila n'kupinyolitsa laputopu yomwe akulembera pulojekiti. Zimenezo ndimadana nazo, ndipo ndimawauza pamaso. Koma kumeneko ndi kulephera kuwerengera. Ife mbale ya Loweruka timaiwerengera kuyambira tsiku logula makala. Imachokera mu nyemba zoviika zija, mu tomato wa madzulo uja, mu ulendo wapansi womwe tikanakwera njinga.

Pali chinanso chomwe chimandiwawa kuposa mawu a amalume. Njala ya pasukulu ya ukachenjede imabisala. Munthu wavala shati yosita, wanyamula mabuku, akuseka nawo, koma chidyereni dzulo masana. Sangapemphe, amaopa kusekedwa. Chaka chatha tinali ndi mnzathu m'kalasi amene nthawi ya nkhomaliro ankatsalira mu laibulale tsiku ndi tsiku, ife n'kumati ndi wakhama. Tinadziwa mochedwa kuti analibe kolowera. Kumuitana kuchipinda ankakana, ankaona ngati tikumumvera chisoni. Chomwe chinatheka ndi pachiwaya. Tinangoti, "Aise, tiye ukatiperekeze," mbale imodzi mafoloko anayi, aliyense akutola, palibe akuwerenga kuti wadya zingati. Kuchokera pamenepo ndiye anayamba kubwera ku Chikanda, poyamba ngati wodzacheza, kenako anayamba kubweretsa chinangwa cha kwawo n'kulowa nawo memo. Pano ndi iyeyo amatiphikira futali Lachitatu lililonse, ndipo palibe amamuposa.

Ndiye makolo, amalume ndi azakhali amene mumatitumizira kangachepe, tikudziwa kuti ndalamayo mumaipeza movutikira, ena mumachita kugulitsa mbuzi. Sitiiponya m'madzi. Mukationa pachiwaya tifunseni kuti sabata ino tadya chiyani, tikuwerengerani tsiku ndi tsiku.

Amalume ndawayankha dzulo. Ndawauza kuti pobwerera ku Liwonde atsike pa Zomba, ndikawatenga pa depoti. Akafika Lachitatu apeza futali. Akafika Loweruka tipitira limodzi kwa achimwene aja, dzira ndilipira ndine.